Mpanda umene tinadula tsiku la maliro anu

Amayi anga,

Pepani kuti ndakusokonezani pamene mukupumula. Pepala ili lakhala m'Baibulo lanu masabata awiri, ndikumalitulutsa n'kulibwezeramo, chifukwa sindinkafuna kuti kalata yanga yoyamba ikhale ya madandaulo. Kodi kumeneko mukukhala bwanji, Amayi? Mwendo uja unasiya kutupa? Ndalemba m'Chichewa chanu cha ku Dedza, osati m'Chitonga cha abambo, kuti zikhale ngati tili awiri kukhitchini.

Ndiyambe ndi zabwino. Achemwali a Esinati anachira ku Mpamba mwezi wa Epulo, mwana wamkazi. Amutcha Felesiya, dzina lanu. Ndinakamuona kawiri. Akamagona amakunga chibakera chimodzi pansi pa chibwano monga munkachitira inu, ndipo achemwali ataona kuti ndikumuyang'anitsitsa anandilanda mwanayo n'kundituma madzi. Chinangwa cha kumunda wa kumtunda chabereka bwino, makamaka mizere imene munabzala nokha musanadwale. Denga la chipinda chanu linkadontha pakona ya kuzenera. Ndinasuntha bedi, ndipo mvula itatha ndinapeza munthu wosintha lata limodzi. Nkhuku yakuda ija inaswa anapiye asanu ndi awiri, kabawi watenga awiri.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Inu simunaione, ndiye ndifotokoze mwadongosolo.

Tsiku limene tinakatenga thupi lanu kuchipatala, lole inalephera kulowa pakhomo. Chipata chathu chinali cha munthu ndi njinga basi. Amuna anakambirana pang'ono, kenaka anatenga zikwanje n'kudula mpanda wanu wa bango, mbali yoyang'ana kumsewu wa tala, mpata woti lole n'kudutsa. Munalowera pamenepo. Magalimoto a anthu obwera kumaliro analoweranso pomwepo, mpaka bwalo lonse linadzaza. Maliro atatha ndinafuna kutseka, koma azakhali a NyaLongwe anati pakhomo pa maliro sitimangapo kanthu mpaka titameta. Titameta, mvula inali itayamba, ndipo bango linali m'madzi. Mpata unakhala chomwecho.

Mukudziwa mmene nyumba za kuno ku Chintheche zilili. Kuchokera pamsewu kutsikira kunyanja zinathithikana, tinjira take ndi ta miyendo, ta miyala. Anthu ankamanga akuganiza za bwato ndi njinga. Koma masiku ano mnyamata aliyense wobwera ku Joni akubwera ndi galimoto, ena akunyamula anthu pakati pa kuno ndi Kande, ndipo poigoneka palibe. M'mbali mwa msewu ndi mopanikiza, malole akuluakulu amadutsa osachepetsa liwiro, galimoto ina anaithyola galasi la m'mbali mwini wake akudya. Bwalo lathyathyathya logundana ndi msewu, mbali yonse ino, ndi lanu lokha.

Woyamba kubwera anali a Manda, aja a taxi ya buluu amene amakhala kumunsi pafupi ndi mjigo. Anavula chipewa, anandipepesa za maliro kachiwiri, n'kupempha kuti galimoto igone tsiku limodzi lokha. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti palibe vuto. Munkandiuza kawirikawiri kuti, "Jenala, pakamwa pako pamavomera mtima usanafunsidwe." Ndinakumbukira mawuwo galimoto italowa kale.

Wachiwiri sanapemphe kwa ine, anapempha kwa a Manda. Wachitatu sanapemphe kwa aliyense. Pofika mwezi wa Juni anali asanu. Mafuta akasowa amakhala masiku anayi kapena asanu osasuntha, eni ake atakhala pamthunzi wa khonde lanu akusewera bawo. Ina yoyera inafa mu Januwale, mwini wake anabwerera ku Joni, ndipo nkhuku yakuda ija inaikira mazira pansi pake.

Ine sindidana ndi galimoto, Amayi. Vuto ndi ufa. Ndimachita zonse monga munandiphunzitsira: kusenda, kuviika mpaka chinangwa chifewe, kutsuka kawiri, kusinja, kenaka kuyanika pamphasa pakati pa bwalo pamene dzuwa limakhala tsiku lonse. Inu munkasuntha mphasa katatu pa tsiku kutsatira dzuwa, ndipo munkati ufa umamva fungo msanga kuposa munthu. Tsopano pakati pa bwalo panali pa magalimoto. Ndinkayala mphasa m'mipata ya matayala. M'mawa akamaliza injini kuti itenthe, utsi unkagwera pomwepo. Dothi la pamene munkakhala posefa linada ndi oyilo. Mphuno zanga zinazolowera, sindinadziwe kanthu.

Ndinadziwira ku maliro a agogo a NyaKamanga mwezi wa Julaye. Mayi aliyense anapita ndi mbale yake ya ufa monga mwa nthawi zonse, inenso ndinatenga yanu ya maluwa ija. Amayi olandira ufa anali awiri. Mmodzi anatapa pang'ono, ananunkhiza, n'kupatsira mnzake. Sanadziwe kuti ndili kumbuyo kwawo.

"Uwu akuti ndi wa kwa NyaPhiri," anatero woyambayo, akutchula dzina lanu la kuno.

"Ayi, mwasokoneza mbale. Wa kwa NyaPhiri sununkha dizilo."

Anauika padera, kuseri kwa mgolo, kuti usaononge wa anzawo. Palibe amene anandinyoza. Koma Amayi, inu munabwera kuno muli mlendo, mwana wa anthu ocheka mitengo ya labala ku esiteti, wosadziwa n'komwe kuphika kondowole, nsima ya chinangwa ya kuno, ndipo apongozi anu ankakusekani. Munaphunzira mpaka ufa wanu unakhala umene anthu amayezera wa ena. Dzina limenelo munalipanga zaka makumi atatu, ine ndinaliika kuseri kwa mgolo chaka chisanathe. Mbale ndinakaitenga mawa lake, anthu atabalalika.

Sabata lomwelo achimwene a Yotamu anaimba foni kuchokera ku Joni. Ndinayamba kuwafotokozera, koma anandidula ndi chimwemwe. Agula galimoto, abwera nayo mu Disembala. Anati mpata ndisautseke, iwo akafika adzathira simenti bwalo lonse. Anati kumene ali anthu amatukwanizana chifukwa cha malo oimikapo galimoto, iwo eni amaisiya misewu itatu kutali ndi kumene amagona, ndipo kunonso zaka zikubwerazi nyumba iliyonse idzakhala ndi yake, wokhala ndi bwalo ndiye adzakhala mfumu. Ndinafunsa kuti nanga nyumba iliyonse ikadzakhala ndi galimoto, chinangwa tizidzayanika kuti. Anaseka, anati ufa amagulitsa pamsika, ndipo ngati ndikufunitsitsa ndiziyanika kuseri. Kuseri ndi kwa mango, Amayi, dzuwa limafikako ola limodzi. Iwo anachoka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, sanayanikepo kanthu. Ndinati chabwino achimwene, foni n'kuduka.

Koma mawa lake ndinatenga chikwakwa n'kupita kudambo la kumtsinje. Sindinauze munthu. Masiku asanu ndi limodzi ndinadula bango, mtolo umodzi pa tsiku, ndikumabisa kuseri kwa khitchini. Mitengo ya nsanamira ndinapempha kwa azakhali. Osafunsa kuti ndi ya chiyani, anandilozera ya bulugamu imene inatsala pomanga khola.

Chinatsala ndi kulankhula. Mawu ndinawakonza masiku atatu, ndikumawanena ndekha posinja. Loweruka masana ndinapeza a Manda akutsuka galimoto yawo ndi ndowa yanu. Ndinagwada patali pang'ono, n'kunena zonse osapumira: kuti pepani, ufa ukununkha, ndikufuna kutseka mpanda Lachitatu, apeze malo ena ndipo awauze anzawo.

Anasiya kutsuka. Anafunsa kuti malo ena ake ati, n'kuloza kumsewu, lole ikudutsa. Kenaka anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kuyamba kupukuta mpando pang'onopang'ono.

"Mpando uwu ndi umene anagonera amayi anu tsiku lija," anatero. "Mutu wawo unali pamiyendo panu. Ndikamapukuta ndimakumbukira."

Sindikudziwa ngati ankandikumbutsa kapena ankangokumbukira okha. Koma n'zoona, Amayi. Tsiku limene munakomoka pamtondo, galimoto imene inakuthamangitsirani kuchipatala ndi yomweyi. A Manda anatsitsa anthu amene anali atakwera kale, ndipo sanafune kumva za kuthokoza. Pakanapanda iwo sitikanakhala nanu masiku asanu ndi anayi aja. Ndinadzuka n'kulowa m'chipinda chanu. Ndinaganiza zosiya zonse, bango ndikolezere moto.

Anyamata ena aja atamva anakwiya. Mmodzi ananena mokweza, akuyang'ana kwina, kuti kodi mtsikana amakhala ndi bwalo, akadzakwatiwa adzalisenza pamutu? Anzake anaseka. Wina anati adikira a Yotamu, eni ake enieni.

Lachitatu m'mawa ndinamva kukumba. Nditatuluka ndinapeza bwalo lopanda kanthu, ndi a Manda ali ndi chitsulo chokumbira, atamaliza kale maenje atatu. Galimoto yoyera yakufa ija anali ataikankhira kunja ndi anzawo, ili m'mbali mwa ngalande, miyala kumatayala. Sanandipatse moni wautali. Anangofunsa kuti nsanamira zili kuti. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa pamutu, iwo akuzika mitengo, ine ndikumanga bango ndi luzi. Pochoka anati, "Kondowole wa amayi anu ndinadyako pa ukwati wanga. Musandiuze zambiri."

Tsopano amagoneka galimoto kuchigayo, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi, ndipo mukudziwa kuti bondo lawo silili bwino. Ndimawaona madzulo akudutsa kunja kwa mpanda akutsimphina, makiyi m'manja. Amandipatsa moni. Akazi awo sandipatsa. Pamjigo ndikafika, nkhani imasintha.

Ndikuuzeninso chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi. Ndimawasowa. Phokoso la injini m'mawa, kukangana kwa pa bawo, ngakhale kundipempha madzi akumwa kosatha kuja, zinkandithandiza kusamva kuti m'nyumba muno ndatsala ndekha. Tsopano pabwalo pali zii, ndimamva mpaka kugwa kwa tsamba la mango. Dothi lakuda lija ndinalipala ndi khasu, n'kuthirapo mchenga wa kunyanja, mabeseni khumi ndi awiri. Ufa wa sabata yatha ndinapita nawo kwa azakhali osanena kanthu. Ananunkhiza, anaika pang'ono palilime, n'kunena kuti ndiwabweretserenso wina. Ndinalira panjira pobwerera.

Achimwene sakudziwa. Aimba kawiri, ndipo kawiri konse ndawauza za mwana wa achemwali ndi za denga. Disembala yatsala miyezi itatu. Adzafika ndi galimoto yawo, atayendetsa masiku atatu kuti anthu a kwawo awaone, n'kupeza mpanda. Malo ano ndi a abambo, ndipo aliyense adzati mwana wamwamuna ndiye mwini. Akadzatenga chikwanje sindidzatha kuwagwira dzanja. Ndingathe kungoima pamenepo n'kulankhula, monga ndinachitira ndi a Manda, koma kwa achimwene sindinanenepo ayi chibadwire. Inu munkadziwa kuwalankhula mpaka iwo n'kumaganiza kuti nzeruzo ndi zawo. Ine sindidziwa poyambira.

Chomaliza. Pomanga mpanda, nditafika pa mtolo wotsiriza, manja anakana. Ndinaona kuti ndikutseka pamene munalowera komaliza pakhomo panu. A Manda anadikira, chitsulo m'manja, osandifulumizitsa. Ndinawapempha kuti nsanamira ziwiri zomaliza azitalikitse pang'ono, ndipo pakati pake sindinamangepo bango. Patsala kampata koti munthu mmodzi n'kudutsa atasenza beseni. Galimoto singalowe. Anthu akuganiza kuti bango linandithera.

Ndiye Amayi, chonde ndiyankheni msanga, Disembala isanafike, ngakhale kutulo, ngakhale mawu awiri okha oti ndikayambire kwa achimwene. Ine ndikulonjeza kuti nthawi yonse imene ndili pakhomo pano, mbale yanu ya maluwa sidzaikidwanso kuseri kwa mgolo. Mukamabwera musazungulire kuchipata. Dzerani pa kampata kaja, mphasa ndimayala chapafupi pomwepo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Jenala