Pensulo Yapepo M'mabuku a Ngwazi

Lolemba, pa 4 Meyi

Mvula yamawawa kuyambira m'mawa. Guluu sakuuma. Mabuku asanu ndi anayi patebulo panga. Asanu ndi limodzi ongofuna chikuto chatsopano, atatu enawo mavuto okhaokha.

Atatuwo ndi a makatuni a ngwazi ija youluka, ya chisoti chachitsulo ndi chinsalu kumsana. Timabuku takale tambirimbiri tomwe anatisokera pamodzi ine ndisanayambe n'komwe ntchito yokonza mabuku palaibulale pano. Zaka makumi anayi akuyenda m'manja mwa anthu. M'mphepete mwa masamba njenjete zadya, chinyezi chalowa, ukangokhudza pepala likuyoyoka. Abwana alamula: kumasula, kusoka, kudula sentimita imodzi mbali zonse zitatu. Akufuna abwerere pashelefu Lolemba likudzali. "Mudule zauve zonsezo," anatero. Zauve akunenazo ndi zolemba za owerenga. Tsamba lililonse wina anasiyapo maganizo ake.

Buku loyamba ndalimaliza masana. Chimpeni chatsika katatu, basi. Loyera bwinobwino.

Lachiwiri, pa 5 Meyi

Buku lachiwiri. Pomasula ulusi manja amagwira okha, maso alibe chochita, ndiye ndawerenga. Ndinkawakonda mabukuwa ndili pasukulu, koma nthawi imeneyo maso anali pa zibakera, m'mphepete sindinkayang'anamo.

Wa inki yobiriwira: "Bodza. Munthu sanganyamule mlatho ndi dzanja limodzi." Pansi pake wina: "Iwe unayeserapo?" Wina akuti wojambula woyamba anali katswiri, amene anabwera pambuyo pake amajambula manja ngati mafoloko. Wina akuti nkhani zonse n'zofanana, mzinda ukugwa, ngwazi yafika, mzinda wadzuka, koma iye yemweyo walemba mpaka tsamba lomaliza. Wina wangolemba dzina la mtsikana kasanu ndi kawiri. Wina akuti chigawenga cha diso limodzi ndicho chili ndi nzeru m'buku lonseli, ndipo anthu anayi asayina pansi kuvomereza.

Ndiye pali wa pensulo yapepo, ija yochita kunyowetsa ndi malovu, yosafufutika. Iyeyu za ndewu alibe nazo ntchito. "Madenga a eni ake akuswawa akonza ndani?" Tsamba lina: "Chinsalu chonsechi amamuchapira ndani?" Kwina: "Sanadye chidzukireni." Ndaseka ndekha mpaka Achidindo, mayi wa pakauntala uja, kusuzumira pakhomo. Akuti amayesa guluu wandilowa m'mutu.

Kalembedwe ka wapepoyu ndikukadziwa. Koma ndinakaona kuti, zandithawa.

Lachitatu, pa 6 Meyi

Ndakumbuka ndikumeta ndevu. Zilembo zopendekera kumanja, zazitali miyendo, zothinana. Dzanja la bambo. Pensulo zapepo ankabwera nazo kuchokera ku positi ofesi, komwe anali kalaliki.

Bambo omwewo. Amene ankati makatuni ndi chakudya cha zitsiru. Ndikangobwereka, ankandilanda n'kuponya pamwamba pa wadiropu mpaka tsiku lobweza. Tsiku lina anandikhoma nalo m'mutu buku lachiwiri lomweli, ndipo kulemera kwake ndikukudziwa. Ankawerenga nthawi yanji? Sindikudziwa.

Nditafika kuntchito, molunjika ku dengu la zinyalala. Woyeretsa anataya kale dzulo. Za buku loyamba zapita. Ndapeza kachidutswa kamodzi kokha ka pensulo yapepo pansi pa makina odulira: "sakanamusiya yekha pa". Mawu enawo ali kudzala. Zandiwawa, sindibisa. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikufufuta ndi kudula zolemba za anthu, osamvapo kanthu.

Lero sindinadule. Ndauza abwana kuti mpeni wabuntha.

Lachinayi, pa 7 Meyi

Abwana abwera okha kudzayesa mpeni ndi chala. Aupeza wakuthwa, angondiyang'ana. Ndapempha kuti m'mphepete tisiye momwe mulili. Atsegula tsamba 40 n'kundionetsa mmene kung'ambika kwayambira kulowa m'zithunzi. Akunena zoona, ndikudziwa kuposa iwo. Tikapanda kudula, chaka chamawa palibe buku. "Owerenga akufuna ngwazi, sakufuna ndemanga," anatero potuluka. Achidindo akuti si zoona, ambiri amabwereka chifukwa cha mikangano ya m'mphepeteyo. Koma anena izi abwana atatseka kale chitseko.

Ndayesa kujambula masamba ndi foni. Nditajambula makumi awiri ndaleka. Pepo pa pepala lachikasu sakuoneka, ndipo masambawo alipo mazana asanu ndi atatu.

Buku lachitatu ndalimasula chakumadzulo. Kumapeto ngwazi ikuitanidwa kukamenya nkhondo kutali, kuseri kwa nyenyezi. Chithunzi chomaliza: amayi ake okalamba pakhomo, iyo kadontho m'mwamba. Apa owerenga anadzazana, malo osowa. Ena akuti mathero abwino. Ena akuti wolemba anangotopa. Wa inki yobiriwira akuti kumeneko kulibe mpweya, afa asanafike. Wapepo, mokanikiza mpaka kutsala pang'ono kuboola pepala: "Asapite. Mwana wabwino sasiya amayi ake pakhomo."

Ndayang'ana kapepala ka madeti kumbuyo. Chidindo cha ulendo womaliza umene ndinalibwereka chikadalipo. Mwezi womwewo ndinalandira kalata yondiitana ku sukulu ya zosindikiza mabuku, ulendo wa masiku awiri pasitima. Ndinali ndi zaka 19. Sindinapite. Palibe anandiletsa ndi pakamwa. Kunyumba kunangoti zii milungu iwiri, ine n'kumasula chikwama.

Lachisanu, pa 8 Meyi

Ndasoka onse awiri. Osadula. Khosi kuwawa.

Buku lachitatu ndaliika m'chikwama osalembetsa. Wokonza mabuku kuba buku. Achidindo andiona, ayang'ana kudenga.

Lamlungu, pa 10 Meyi

Dzulo ndinafika nalo pa geti la makolo n'kubwerera. Lero ndalowa.

Bambo pakhonde, miyendo yotupa pakampando, wailesi pachifuwa. Ndawaikira buku pamiyendo, tsamba lomaliza. Avala magalasi. "Zitsiru zija zikadalipo?" Kenako ayang'ana m'mphepete nthawi yaitali, chala chikuyenda pansi pa mawu. "Dzanjali ndi langa, koma sindinalembe ine. Amako ndinawaphunzitsa kulemba ndine, ankatsanzira makalata anga. Kafunse kukhitchini."

Amayi. Sindinawaganizireko ngakhale pang'ono. Amayi amene ndimachita kuwawerengera mapepala a kuchipatala. Za kuchapa zija, za kudya zija, ine osazindikira. Mutu wangawu nthawi zina ndi wongonyamulira chipewa.

Sanakane. Akuti ife tikachoka ankakwera pampando, kutsitsa buku, kuwerenga nyemba zili pamoto, kubwezera bambo asanaweruke. Mawu otuluka m'kamwa mwa anthu a m'bukumo sankawamva, ndi chilankhulo cha kusukulu, ndiye ankawerenga zithunzi. Kulemba m'buku la eni ake? Anaona ena alemba, nawo anayesa ndi mmene zimakhalira. Chigawenga cha diso limodzi akuchikumbukira, akuti chinali ndi nkhope ya munthu wosowa womumvera. Za chinsalu akuti mpaka lero palibe wawayankha.

Ndawauza za mpeni wa mawa, ndi kuti buku loyamba ndinadula kale. Ndimayembekeza kudandaula. Apukuta manja pa epuloni, atsegula tsamba lomaliza, aliyang'ana ali chiimire. "Dula, mwanawe. Apa ndinalakwitsa." Abwerera ku mapoto, ine chilili pakati pa khitchini ngati mlendo. Potsanzika akuti likauma ndibwere nalo, ndi cholembera chomwe.

Lolemba, pa 11 Meyi

Ndadula 8 koloko. Katatu buku lachiwiri, katatu lachitatu. Mpeni wakuthwa ngati kale. Zidutswa ndazitolera mu maenvelopu awiri, zikuyoyoka ndisanamate n'komwe. Abwana akhutira, akuti ntchito yaukhondo.

M'mphepete mwatsala malo a chala chimodzi. Buku lachiwiri pashelefu, masana linali litatuluka kale. Buku lachitatu ndalilembetsa pa kadi yanga mwadongosolo. Achidindo adinda milungu iwiri, akuti ndikachedwa sandimvera chisoni.

Lachitatu, pa 13 Meyi

Kwa makolo nditaweruka. Bambo akugona pampando. Amayi patebulo la kukhitchini, buku kutsogolo, bolopeni yanga m'manja. Aiyika palilime kaye mwachizolowezi, alavula. Ine amene ntchito yanga n'kufufuta ndangokhala n'kumayang'ana.

Alemba chammbali chifukwa cha kuchepa kwa malo. Pang'onopang'ono. Mphindi khumi, mwina kuposa. Kenako atembenuzira bukulo kwa ine.

"Apite. Amayi ake alira mwezi umodzi, kenako azolowera."

Ndili ndi zaka 53. Ndinadikira mkwiyo, sunabwere. Chabwera ndi chisoni, cha iwo kapena cha ine sindikudziwa. Atseka buku, andifunsa ngati sukulu ija ikadalipo. Akuti masiku ano amamva kuti ndi akuluakulu omwe akuphunzira.

Anaitseka zaka khumi zapitazo, ndinaona m'nyuzipepala. Ndawauza kuti ndifufuza.