Nkhanu za m'thanki yachinayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima sunakhazikike chiyambire Lachiwiri. Ndikanaimba foni, koma ndimakudziwani inu, mukamva zosakukomerani mumati netiweki yavuta. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Achemwali andiuza kuti kumapeto kwa mwezi uno amalume aitanitsa abale kunyumba kwanu. Akuti nkhani yake ndi yoti alamu azipita kwawo, poti zaka zisanu ndi ziwiri zatha popanda mwana. Akuti inu simunakane, ndipo mkazi wina amuona kale. Ndalemba chifukwa cha zimenezi, ngakhale ndiyambira kutali.

Mumandiseka kuti sukulu yonse ija inathera poweta nkhanu. Sindikukana. Chipinda chathu ku labotale chilibe zenera, muli mathanki asanu ndi imodzi ndi timapampu ta mpweya tolira tsiku lonse. M'mawa ndimazidyetsa, kusintha madzi ndi kutola zakufa. Nkhanu ndikaitembenuza chagada ndimaidziwa. Yaimuna kachivundikiro ka pamimba n'kosongoka, yaikazi n'kotambalala chifukwa ndi mmene imafungatiramo mazira. Zazimunazo timazigoneka m'madzi oundana, kenako n'kuzitumbula. Mbewu yake imakhala m'timatumba, ndipo ine ndimakhala pa makina okulitsa zinthu kuwerenga timatumbato mpaka maso kuwawa.

Nkhanuzo zinatengedwa m'mitsinje isanu ndi umodzi, thanki iliyonse mtsinje wake, koma ife owerenga sitinauzidwe mayina ake. Bwana wathu, mayi wina wosaseka wamba amene timangowatchula kuti Adokotala, anatsekera mayinawo mu envulopu. Amati munthu akadziwa kumene chinthu chachokera, diso lake limayamba kunama. Ndiye miyezi khumi yonse ife timangodziwa manambala.

Thanki yachinayi inatidabwitsa kuyambira sabata yoyamba. Nkhanu zake n'zonenepa, zaukali, ukaika chala zimakupana ndithu. Koma ukatumbula yaimuna, timatumba tija n'tochepa, tambiri topanda kanthu. Mwa zina tinapezamo tinthu tonga mazira, m'thupi la yaimuna. Zazikazi zimafungatira mazira masabata angapo, kenako mazirawo n'kuda, n'kuwola. Palibe kamwana kamene kanaswa m'thanki imeneyo. Mnzanga wina wapakamwa anaitcha thanki ya magojo, ndipo ine ndinali patsogolo kuseka.

Lachiwiri lapitali tinamaliza kuwerenga, Adokotala n'kutsegula envulopu ija tonse tili pomwepo. Anawerenga mayina limodzilimodzi ngati aphunzitsi poitana kaundula. Atafika pa yachinayi, cholembera chinandigwa m'manja.

Achimwene, ndi mtsinje wa kuseri kwa nyumba yathu. Nkhanuzo anazigwira kumunsi kwa ngalande yochokera ku fakitale kwanu, pomwe paja tinkasamba tikaweruka kusukulu. Chitsime chimene amayi anatileretsa chili pafupi pomwepo, simungayende n'komwe mphindi ziwiri. Ndipo amene amatsuka migolo ya mankhwala m'ngalandemo, zaka khumi ndi chimodzi tsopano, manja ali pamtunda poti magolovesi amakutenthani, ndinu.

Anzanga atatuluka ndinatsalira, n'kuwafunsa Adokotala ngati zimene zachitikira nkhanu zingachitikirenso munthu. Anavula magalasi, n'kunena kuti nkhanu si munthu, ndipo sanganene zimene sanaziyeze. Anati sakudziwa n'komwe ngati vuto ndi mankhwalawo kapena china. Kenako anandiyang'anitsitsa.

"Bwanji wafunsa choncho? Kumeneko uli ndi abale?"

Ndinati ndinabadwira komweko. Anangoti amuna a kumeneko akanayezedwa zikanakhala bwino, ndipo madziwo iwo sangamwetse mwana wawo.

Tsopano ndinene zimene sindinauzepo munthu. Kafukufuku wathuyu ali ndi mbali ina kuchipatala, yoona za kubereka kwa abambo. Miyezi iwiri yapitayo ankafuna amuna athanzi, osasuta, osamwa, oti aziyerekezera ndi odwala. Ine ndinadzipereka ndekha, chifuwa chili patsogolo, ndikuwauza anzanga kuti akufuna mwamuna weniweni ndiye ampeza. Anandipatsa kabotolo ndi nambala, n'kundilozera kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Ndinatuluka ndikuimba mluzu.

Patatha masabata awiri anandiitana kuti ndikaperekenso, ati mwina koyamba panalakwika. Nditapereka kachiwiri, dokotala wa kumeneko anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anati mbewu yanga ndi yochepa kwambiri, ndipo yochepayo yambiri siyenda. Anati sikuti n'zosatheka, pali zimene angayese, koma ndisadzinamize. Anandichotsa pa mndandanda wa athanzi n'kundilemba pa wa odwala.

Ndinakhala nazo chete, ndikuti ndi tsoka langa ndekha. Kuntchito ndinkangowerenga timatumba ta nkhanu, mnzanga uja akaseka za magojo inenso n'kumwetulira. Koma kuyambira Lachiwiri ndikuchita mantha, achimwene, mantha enieni. Ine ndinachoka pa nyumba ija ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Inu simunachokepo.

Sindikunena kuti ndikudziwa za m'thupi mwanu. Mwina muli bwinobwino, ndipo ndingakondwe kutsutsidwa. Koma taganizani. Alamu apita kuchipatala katatu, katatu konse anauzidwa kuti palibe chovuta. Amwa zowawa zonse zimene azakhali amabwera nazo m'mabotolo. Pa maliro a abambo, abale anawanena kuti chumba iwo akumva, ali m'kati motiphikira. Inenso ndinanenapo kuti mkazi ameneyu akungotha malo, ndipo lero ndikuchita manyazi. Pa zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe amene anati nanunso mukayezetse.

Mukawachotsa alamu n'kulowetsa winayo, adzatunga pa chitsime chomwecho, adzagona m'chipinda chomwecho. Pakadzatha zaka zitatu kuli zii, amalume adzaitanitsanso abale? Kapena mwana adzabwera, inu n'kumamuyang'ana nkhope tsiku ndi tsiku osagwira tulo?

Pempho langa ndi limodzi. Auzeni amalume kuti msonkhanowo uyambe waima. Bwerani kuno Lolemba, mudzagona kwa ine. Ndalankhula kale ndi dokotala wa kuchipatala uja, ndipo papepala adzalembapo nambala, osati dzina. Ndi kabotolo chabe, sabaya jakisoni, poti ndikudziwa mmene mumaopera singano. Zotsatira zake mudzamva nokha, ine ndidzadikira panja.

Mukakana, kumsonkhanoko ndibwera. Pepala la zotsatira zanga lili m'thumba la jekete, ndipo ndidzaimirira n'kuliwerenga mokweza pamaso pa amalume, azakhali ndi amayi. Mtsikana amene ndikufuna kumanga naye banja sanamvebe, ndiye adzamvera kwa anthu, ndipo ndikudziwa chimene chingatsatire. Sindikufuna kutero. Koma sindikhala pampando kuonerera alamu akunyamula chikwama chifukwa cha mlandu umene mwina ndi wa m'nyumba mwathu. Musandifikitse pamenepo, achimwene.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Moni kwa achemwali ndi ana. Alamu muwauze kuti mlamu wawo wamng'ono akupepesa, adziwa okha chifukwa chake. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatseni mtima wolimba.

Lolemba ndidzakhala pa siteji kuyambira basi yoyamba mpaka yomaliza.

Ine mng'ono wanu,
Woweta nkhanu uja