Mapiritsi a Achimwene a Brave

Lufita, Chitipa
14 Juni 2010

Okondedwa achemwali a Eunice,

Justina, mlamu wathu uja mumamutama kuti ngwamtima wabwino, watipweteka. Achimwene a Brave ali m'chipatala pa boma. Sanatisiye ayi, musakuwe, koma werengani mutakhala pansi.

Mukukumbuka chaka chatha atadwala mutu woumitsa khosi uja. Adokotala anati mafangasi alowa m'bongo poti chitetezo cha m'thupi chatsika, nawapatsa mapiritsi a fulukonazo oti azimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Anachira, mpaka anayambanso kupalasa njinga kukaoda chimanga ku Kaseye. Tonse mitima inakhala pansi.

Ndiye Justina si anamva kuti mapiritsi omwewo amathetsa mauka! Mayi aliyense wa kwaya akamunong'oneza kuti kukuyabwa, iye botolo tsegu, awiriawiri ngati akugawa mtedza. Amuna ake ankangowapatsa mutu ukagunda. Nditamufunsa anandiyankha maso ali gwa: "Asi mulamu, munthu wachira azingomeza mankhwala anzake akuvutika? Kuno timagawana." Ine ndinati, "Uzigawa mchere, osati moyo wa achimwene anga." Zina zomwe ndinamuuza sizolemba m'kalata.

Tsopano mutu wabwerera. Awatapa madzi a mumsana, ndipo adokotala akuti mafangasi aja anawazolowera mankhwalawo chifukwa ankangowalawa mwa apo ndi apo. Awonjezera mapiritsi, koma matenda sakugonja. Atsala ndi mankhwala a m'diripi basi, ndipo kuno kulibe. Akuti awatumiza ku Mzuzu Lachisanu. Nditafunsa ngati akafike amoyo ndi msewu wa ku Karonga uja, adokotala anayamba kukonza makatani.

Achemwali, mumandidziwa, ine sindiopa munthu. Koma dzulo ndikuwamwetsa phala achimwene, diso lawo limodzi linathawira kumbali, ndipo anandifunsa kuti, "A Eunice, mwazimitsiranji nyali?" Dzuwa lili paliwombo. Supuni inandipulumuka. Ndinayankha kuti magetsi athima, ndipo ndinayankha ndi mawu anu.

Justina akugona pasimenti pansi pa bedi, akuwasambitsa, sakudya. Ndikumuona, koma sindinamulankhule. Mu ambulansi akuti mukwera wodikirira mmodzi yekha, ndipo dzanja lomwe achimwene amalifufuza akadzidzimuka ndi lake, osati langa. Apite iyeyo. Ine nditsatira pa lole.

Chonde nyamukani ku Zomba kalatayi ikangofika, tikakumane ku Mzuzu. Musadikire kuti sukulu itsekere. Amayi musawauze kaye, mudzangoti mukukaona ana a achimwene.

Mundiperekere moni kwa alamu a Davison ndi ka Dinah. Ndinafuna kulemba kuti achimwene akupereka moni, koma kungakhale kunama. Akungoitana dzina lanu, ndipo ine ndikuvomera m'malo mwanu. Fulumirani mudzavomere nokha akadali kumva.

Za Justina ndalemba kamodzi kano. Musadzandifunse, sindidzazitchulanso.

Ndine mng'ono wanu,
Fiona