Sitolo ya Majinzi Ili m'Dzina Langa

São Paulo

Achemwali Lindalva,

Wathawa ndani? Alamu angawo muwauze kuti Josivaldo sathawa pepala. Ndili konkuno kudera la masitolo la Brás, majinzi ndikugulitsabe, ndikakuwa mawu akumveka mpaka kusiteshoni. Iwowo si aja amathawa mbuzi ya amayi ikangowayang'ana?

Koma muli bwanji kumeneko? Bondo la amayi likupepukako? Ine ndili bwino, kungoti tulo tandikana, ndipo pampando sindikukhazikika.

Zomwe mwamvazo n'zoona. Kwabwera chisamani chochokera ku ofesi yofufuza za msonkho ya boma la kuno. Akuti mwini sitolo akaonekere Lachinayi, atenge malisiti a katundu yense. Mwini sitoloyo ndine, achemwali! Paja pa chikondwerero cha São João ndinkayenda chotukumuka, ndikuuza aliyense kwathu ku Picos kuti ndili ndi sitolo mumzinda. Sindinkanama, pa pepala ndi yangadi. Koma makiyi, kauntala, ndi malole obwera opanda malisiti aja, zonsezo n'za a Aderbal, bambo anga a ubatizo omwe anandibweretsa kuno. Ine changa n'kukuwa pakhomo basi.

Ndinakawaonetsa chisamanicho. Anandigulira khofi, n'kundisisita pamsana. Akuti ndikanene kuti malisiti anapita ndi madzi osefukira, zinazo ndikhale chete, chifukwa mwana sapereka munthu amene anamunyamula pa ubatizo. Ndinawafunsa ngati adzabwerenso kundende kudzandinyamula. Sanaseke.

Ndapeza loya waulere ku yunivesite, mayi wamfupi koma pakamwa pake ndi tsabola. Sanandibisire. Akuti ndikanama, mlandu wonse ukhala pamutu panga, dzina langa lida moti ngakhale ntchito yosesa sadzandilemba, mwinanso ndende. Ndikanena zoona, a Aderbal agwa. Dzulo ndinakwera basi kukangoona khomo la ofesi ya msonkho ija, mlonda mpaka anandifunsa ngati ndataya chinthu.

Ndaganiza, ndatha. Lachinayi ndikaulula zonse.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mupite mukawauze amayi nokha, abale a Aderbal asanafike ndi nkhani yawo. Lamlungu mukakhale nawo benchi limodzi kutchalitchi, chifukwa anthu aziwayang'ana ngati anabereka Yudasi. Ndipo asapite kukapepesa pakhomo pa aliyense, ndimawadziwa. Mukawaona akumanga mpango, mutseke chitseko.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana anu onse. Alamu nawonso moni, muwauze kuti mbuzi ija ikuwafunsa.

Ichi chokha musawauze alamuwo. Tsiku lomwe tinapita ndi a Aderbal ku ofesi yodinda masiginecha kukalembetsa sitolo m'dzina langa, mtsikana wa pakauntala anandipatsa mapepala, n'kunena kuti ndiwerenge kaye bwinobwino. Anali wokongola, achemwali. Ndiye inu mukudziwa kuti ine powerenga ndimayendetsa chala, milomo n'kumagwedera. Manyazi anandigwira. Ndinamuuza kuti ndawerenga kale kunyumba, n'kusaina siginecha yamchira wautali ngati ya dokotala. A Aderbal sanandigwire dzanja. Pamenepo ndinalakwa ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Josivaldo