Dzino Langa la Mluzu

Lolemba, 3 Juni 2024

Dzino landiyambanso. Lakutsogolo lija, lam'mwamba, limene ndinalibenthula pachitseko cha basi chaka chatha. Kuzizira kwa Juni kwalipeza. Ndikangoti ndiimbe mluzu, ululu mpaka m'diso.

Nanga ndisiye kuimba, ine kondakita? Ba Silas, dalaivala wanga, amakweza wailesi ngati basiyi ndi shabini. Menya denga, menya chitseko, fuula, samva kanthu. Chimene amamva ndi mluzu wanga basi. Wautali, tiyeni. Iwiri yaifupi, imani. Zaka zonsezi pamsewu wa Mtendere ndakhala ndikudyera dzino limeneli, ndipo likapita, ntchito ya pachitseko yapitanso.

Lachiwiri, 4 Juni

Kuchipatala cha boma akuti iwo n'kuzula basi, zomata ndikafunse kolipira. Ndapita. Mipando yofewa, maluwa apulasitiki, kanema pakhoma. Dokotala wasuzumira m'kamwa nati dzino likhoza kupulumuka: aphe mtsempha, amate, aliveke kachipewa. Mtima unakhala pansi, mpaka nditafika kwa kamtsikana ka pakhomo.

"Ni K4,500. Kuchosa chabe ni K250."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala, poti zomatazo ndi malipiro anga a miyezi ingapo. Iko sikanaseke. Kanayang'ana nsapato zanga, n'kundifunsa kuti, "So tichose?" Kanandiwerenga kale kuti ndine wozula, osati womata. Ndadana nako, ndadana ndi maluwa awo omwe.

Lachinayi, 6 Juni

Marjory akuti, "Chosani chabe, ba tate ba Chipo. Muli na meno yambili." Mkazi wanga yemwe! Akuganiza kuti ndiwo zimene amaphika zimagwa kumwamba. Ndamuuza kuti enawo ndi otafunira, ili ndi la ntchito. Wangopitiriza kutsuka mbale.

Ndinapempha ba Silas kuti alankhule ndi mwini basi andibwereke ndalama zomatira. Yankho: "Iwe Moven, zino ni injini? Ika mafuta ya mabuleki, mailo uzauka bwino." Akuti pofika mawa ndikhala nditachira. Anachita kundithirira okha pakathonje. Fabian, mlamu wawo uja amangokhala pasiteji osagwira ntchito, anali pompo akuseka ndi mano ake onse. Amalifuna chitseko changa kuyambira kalekale, aliyense akudziwa.

Ndaika thonjelo. Moto.

Loweruka, 8 Juni

Nkhama zapsa, tsaya latupa, mlomo wam'mwamba ngati ndalumidwa ndi mavu. Mayi wina pa Kalingalinga akuti, "Ba kondakita, mwabisa chenji mukamwa?" Basi yonse kuseka. Ba Silas nawo kuseka, iwo amene anandiotcha.

Sindikulankhula nawo. Ndalama ndikumangoika pampando.

Lolemba, 10 Juni

Azula. Lili m'kabokosi ka machesi, m'thumba.

Lachitatu, 12 Juni

Ndabwerera pachitseko. Ndapinda lilime monga mwa masiku onse, ndapemerera. Fuuu. Mphepo yokhayokha, ndi timalovu.

Ndayesa ndi zala ziwiri, ndayesa kukhotetsa mlomo. Palibe. Tinapitirira siteji ya mayi wina wa dengu la tomato, ine ndikumenya denga mpaka dzanja kufiira, wailesi ili pamwamba, mayi akunditukwana ine ndi amene anandibereka. Kenaka kumbuyo kunamveka iwiri yaifupi, yakuthwa. Basi inaima. Anali Fabian, atakwera ulele monga mwa nthawi zonse. Wakhala akuuphunzira mluzu wanga, galu ameneyu. Ba Silas anamuyang'ana pagalasi n'kugwedeza mutu mokondwa.

Madzulo ndadutsa pamsika, ndagula wenzulo, wa oimbira mpira uja. Wachitsulo, osati zidole za ana. Ndauyesa kuseri kwa nyumba, agalu a Mtendere yense anayankha. Tione ngati Fabian angaposa pamenepa. Ba Silas sindiwauza, akaumve okha. Munthu wondithira mafuta a mabuleki m'kamwa sindingamupatse ulemu woti ndimudziwitse.

Lachisanu, 14 Juni

Dzulo sitinayende, basi inali kugalaja. Lero ndiye lero.

M'mawa tinadzaza kupitirira, ena chiimire, ena pamiyendo ya anzawo. Mapepala a basi anatha mwezi watha, ba Silas akhala akuyenda maso ali uku ndi uku kuopa apolisi apamsewu. Titayandikira Kalingalinga bambo wina anati aseluka, ndiye kuti atsika. Ndinatulutsa wenzulo, n'kuuliza ndi mphamvu zanga zonse, pafupi ndi zenera lakutsogolo. Prrrrr!

Ba Silas sanayang'ane n'kumbuyo komwe. "Ba tirafiki!" Anaponda moto, kukhotera kanjira ka m'komboni, nkhuku balala, azimayi kukuwa. Ine poona kuti sakuima ndinalizanso. Iwo kuwonjezera moto. Ndinaliza kachitatu. Tinakathera m'ngalande, tayala lakutsogolo phuu.

Palibe wavulala, kupatula mazira a mtsikana wina. Ba Silas anatsegula chitseko, mwendo umodzi uli kale panja kuti athawe. Atatembenuka anapeza wapolisi wawo ndi ine, wenzulo uli pakamwa.

Anaulanda, n'kuuponya padenga la nyumba ya eni.

"Unafuna kunipaya na BP? Choka! Usabwele futi pa basi yanga!"

Ndinawauza kuti akanatsitsa wailesi zonsezi sizikanachitika, ndiponso kuti dzino langa analimaliza ndi iwo. Ndinawauzanso zina zimene sindilemba muno. Anthu anafuna ndalama zawo, ndinabweza, ndabwera wapansi.

Marjory sanayankhulepo za mano ambiri aja. Wangondiikira madzi amchere ovumata.

Lolemba, 17 Juni

Ndimapita kutauni kukafunsa ngati pali basi yosowa kondakita, ya dalaivala wa makutu. Pasiteji basi ziwiri zinadutsa zodzaza. Yachitatu inali yathu ija, tayala latsopano, wailesi pamwamba. Pachitseko Fabian, atavala jekete langa lonyezimira limene ndinasiya pansi pa mpando.

"Tauni, bigi mani? Kwelani, malo yaliko."

Ndinakwera, nanga ndikanatani. Mpando wakumbuyo, pakati pa thumba la makala ndi mayi wa mwana. Sindinakhalepo pansi m'basi imeneyi chiyambire. Fabian anatambasula dzanja, ndinalipira. Anandipatsa chenji yonse mwaulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene wandipweteka kuposa jekeseni.

Titafika pamene ndimatsikira, lilime linapindika lokha. Ndinaliletsa. Ndinakweza dzanja ngati wina aliyense.

"Ba kondakita, niseluka."

Pa "se" pamenepo, pampata pa dzino paja, panatuluka kamluzu kakang'ono, kokha, osakaitana. Anakamva ndi mwana anali pambali panga yekha, anandiyang'ana m'kamwa. Fabian anaimba iwiri yaifupi. Basi inaima.