Mkamwini wa ku Maselo

Lolemba, 13 Januwale 2025

Matope mpaka pakhomo pa shopu. Magetsi kulibe, ndabwerera ku makina opalasa ndi phazi. Mayunifomu a sukulu mulu.

Achemwali anga a Mwanaima atulukira masana, salamu yomwe ayiiwala. Nkhani ndi Muzammil wa ku komboni ya Garden, amene akufuna kukwatira mwana wawo Ilham. Akwawo abwera Lamulungu pa 26 kudzamva yankho, ndipo wopereka yankholo ndine, malume wake. Achemwali akufuna ndikane. Akuti Loweruka Ilham ankalankhula naye pa foni, iwo ali kuseri kwa katani, ndipo anamva okha: "Siningabwere lelo, nili ku maselo." Kenako, mokondwa: "Kachilombo kangena bwino."

"Mkaidi, wodwalanso, ndipo akunyadira," atero achemwali.

Nkhani za kuseri kwa katani zimabwera zoduka ngati nsalu yotsala. Komabe ndalonjeza kufufuza.

Lachitatu, 15 Januwale

Ku polisi. Pa desiki Bwembya, amene ndinamusokera suti ya ukwati. Watsegula buku, waimbiranso anzake a ku Garden. "Muzammil tilibe, ba Sultan. Koma ngati mufuna, malo yalipo."

Ilham sakudya. Akuti mnyamatayo amagwira ntchito ku labu, ndipo maselowo si a polisi. Amayi ake: "Nanga ndi a ndani? Boma linagulitsa ena?"

Ine selo ndikuyidziwa. Ndinajambula ya anyezi mu giredi 10, aphunzitsi nkuyipachika pakhoma. Sindinanene. Malume wokhulupirira msanga salemekezedwa.

Lachisanu, 17 Januwale

Udzudzu mu mzikiti wambiri kuposa anthu. Titatha swala ndinafunsa nzeru kwa a Shehe. Iwo akukanda chigongono: "Nsalu mumadula musanayeze?" Basi.

Lachiwiri, 21 Januwale

Minibasi ziwiri kuchoka kwathu ku Mtendere mpaka ku labu ya Muzammil. Nyumba yoyera, pansi poterera, fungo la chipatala koma odwala kulibe. Muzammil anatuluka atavala jasi loyera. Manja a jasi afupi, thumba lopendekeka. Amene anasoka, Mulungu amukhululukire.

Anandikhazika mu ofesi nkundionetsa zithunzi pa kompyuta. Maselo ake ndi amoyo, tinthu tosaoneka ndi maso, tochokera ku impso ya nyani amene anafa kalekale. Amakhala m'timabotolo tophwatalala, m'madzi ofiirira. Amafuna kusinthiridwa madziwo pakapita masiku awiri kapena atatu, kaya ndi Loweruka, kaya Idi.

Kachilombo nako si kaja achemwali akuganiza. Aka kamayenda ndi udzudzu, dzina lake chikungunya. Kamabweretsa malungo, nkuphwanya mfundo za thupi mpaka munthu kuyenda chowerama. Pakokha sikangaberekane, kamafuna selo ya mwini.

Ataona kuti ndasochera anayang'ana tepi yoyezera ili m'khosi mwangamu. Akuti kachilombo kali ngati batani, ndipo pakhungu la selo pali kabowo kokwanirana nako. Kakakola, selo imakameza yokha, mwaulemu. Kakafika m'kati kamatambasula patani yake, selo nkuyamba kusoka tizilombo tina ndi makina ake, ulusi wake, mpaka kufa. Iye ndi anzake akufufuza kabowoko kuti apeze njira yokatsekera. Loweruka lija maselo anawala mobiriwira pa makina, kusonyeza kuti kachilombo kalowa monga ankayembekezera. Chimwemwe chija chinali chimenechi.

Ndinamva zonse. Mnyamata amadziwa kulankhula ndi telala.

Kenako ndinaona chitseko cha galasi, chikwangwani chachikasu. Ndinati ndilowe ndikaone ndi maso anga, poti chithunzi aliyense angajambule. Anakana. Ndinamukumbutsa, mosakweza mawu, kuti yankho la Lamulungu lili m'kamwa mwanga. Anaima pakati pa ine ndi chitseko, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Nidziwa, ba malume. Koma muja simungangene. Olo munikanize Ilham."

Anandiperekeza mpaka pa siteshoni. Minibasi itanyamuka anali chiimire, wokwinya ngati malaya osasita.

Lachinayi, 23 Januwale

Ndafotokozera achemwali za batani ndi kabowo. Anamvetsera akusankha mpunga. Pomaliza: "Ndiye kamalowa m'nyumba ya eni, kulandiridwa, kudya za eni, nkuberekana? Ameneyotu ndi mkamwini." Kuseka kwawo koyamba pa sabata ziwiri. Koma sanagonje. Akuti munthu wosiya chibwenzi Loweruka kukadyetsa nyani wakufa adzasiyanso mkazi pa tsiku lobereka. Mfundo si yopusa.

Za chitseko sindinawauze.

Ilham wabwera ku shopu ngati wodzathandiza kusita. Wasita kolala imodzi kanayi. Mnyamata wamuuza kuti zonse zatha, wanyoza malume. Yunifomu yoyamba ya Ilham ndinasoka ndine, chaka chimene bambo ake anamwalira. Inali yaitali mpaka m'akakolo, kuti akule nayo. Wakula nayo ndithu. Ndinalowetsa ulusi m'singano katatu osakola. Maso, ukalamba.

Lamulungu, 26 Januwale

Akwawo a Muzammil abwera asanu, nsapato zamatope mzere pakhonde. A Shehe pakati. Muzammil panja pa mpando, maso pansi. Tiyi, mandasi, mawu ozungulira monga mwa mwambo.

Nthawi yanga itakwana ndinasimba za chitseko, zonse, ndi kuopseza kwanga komwe. Akwawo anayamba kupepesa. Ndinawaletsa. Ndinati pa zaka makumi atatu za utelala ndaona amuna ambiri olonjeza, koma wokaniza khomo munthu amene wagwira ukwati wake m'manja ndamuona mmodzi. Woteroyo khomo la mwana wathu adzalisunga. Ife tavomera.

Onse anatembenukira kwa achemwali. Kenako iwo, akuyang'ana kudenga: "Nanga tsiku la nikaha, pomanga ukwati, nyani uja adzamudyetsa ndani? Apezeretu munthu. Ine mpunga wanga sudikira."

Kukhitchini kunagwa mbale, kenako nthungululu.

Alhamdulillah. Batani lakola. Ndamuuza mnyamata abweretse jasi lija mawa ndilitalikitse manja, mkamwini wa telala sangamayende chonchija. Wati jasi la ku labu silituluka m'nyumba ija. Wandikanizanso! Ndimusokera latsopano, ndingopeza nsalu yoyera yolimba, mwina kwa Dyness wogulitsa nsalu ku msika, ngati achemwali, amene akundiitana kale ndi tepi m'manja kuti ndiwayeze diresi la ukwati, angandisiye ndi mpata.