Tsiku 3 pa Kadi ya Jeremiya

Tengani, Nsanje
14 Novembala 1989

Wokondedwa mlongo wanga Tomasi,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre pamodzi ndi alamu. Kuno dzuwa likutiwotcha ngati mbatata, mvula sinagwe. Matupi ali bwino, koma mitima ayi.

Jeremiya watisiya, mwana uja wa malemu achimwene Lorenso. Usamve kwa anthu apanjira, umve kwa ine.

Ukukumbuka pa Khirisimasi unkadzitama, mpaka tinakutcha bwana Kompyuta? Unati wakonza pulogalamu ya bungwe lanu yosindikiza makadi a galimoto ya chipatala imene imabwera kuno kamodzi pamwezi. Unati wachotsamo mayina a masiku a Chingerezi n'kuikamo manambala, poti nambala sasankha mtundu, Mmang'anja ndi wothawa nkhondo awerenga chimodzimodzi. Tonse tinaomba m'manja, inenso ndinaomba.

Jeremiya atayamba kutupa miyendo, mayi ake, alamu athu Emelia, anapatsidwa kadi kuti galimotoyo idzamutengere ku Nsanje. Panalembedwa kuti Tsiku 3. Kwa ife ndi Lachitatu. Koma Emelia anaphunzira sukulu ya Chipwitikizi ku Mutarara, kumene mlungu amauyambira Lamulungu. Akuti pa mapepala a chipatala kwawoko, 3 ndi Lachiwiri lathuli.

Ndiye Lachiwiri anabereka mwana kumsana n'kukakhala kumsewu mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto osaoneka. Anabwerera akuganiza kuti mwezi uno yalephera. M'mawa mwake ali kudimba, galimoto inafika, anaitana dzina la mwana, n'kupita. Ine ndinali ku Nchalo, ndikanakhalapo ndikanamuuza. Tisanapeze njira ina, mwana anatsirizika Lachisanu.

Ndinakukwiyira, Tomasi, sindibisa. Ndinati mutu wonsewo sukanafunsa ngakhale munthu mmodzi wakutsidya? Koma nanenso ndadya naye mbale imodzi Emelia zaka zitatu osadziwa kuti papepala masiku timawerenga mosiyana.

Emelia sadya. Akungoti iye ndiye wapha mwana, poti sadziwa kuwerenga ngati anthu akuno. Dzulo anandiuza kuti akufuna kuwoloka Shire abwerere kwawo, kunkhondo komweko. Mawu anga sakumveka.

Ndikukupempha ziwiri. Bwezeramo mayina m'makina akowo, a Chichewa, a Chisena ndi a Chipwitikizi, ngakhale kadi itadzaza. Amayi ena akutsidya akusunga makadi omwewo m'mipango. Ndipo ubwere msanga, udzamuuze Emelia ndi pakamwa pako kuti sanalakwe kuwerenga. Iwe wekha ndiye angakukhulupirire.

Jeremiya tinamuika Lamulungu. Emelia amati Dimingu. Uthenga wa maliro tinatumiza ndi dzina la tsikulo, ndipo akuno ndi akutsidya onse anafika, palibe anaphonya.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akugwire dzanja pamene ukuwerenga izi.

Ndine mlongo wako,
Priska